Zimene Mayi Zipi Anayamwa

Pakhonde la sitolo ya nsapato pankakhala telala wina wonenepa amene msewu wonse unkamutcha Mayi Zipi, chifukwa panalibe thalauza kapena chikwama chakufa zipi chimene chinkawakanika. Anali mayi wamasiye wa ana atatu, wapakamwa posatopa. Chipatala ankachidziwa pokabereka pokha.

Amene anadwala anali achimwene awo, oyendetsa basi. Anayamba ndi zotupa m'khosi ndi zidzolo zosamva mafuta, kenako ludzu losatha, mpaka anagonekedwa. Inali khansa ya m'magazi. Mayi Zipi ankavundikira makina masana n'kupita kukawadyetsa. Tsiku lina dokotala wamkazi wa muwodimo anawapempha kuti nawonso ayezedwe magazi.

"Ine? Mwandiona ndikutsokomola?" anafunsa, koma mkono anapereka.

Zotsatira zitabwera, dokotala uja anawalowetsa m'kachipinda kopanikiza n'kutseka chitseko.

"Mayi, kachilombo kamene kadwalitsa achimwene anu, nanunso muli nako. Si ka Edzi ayi, ndi kena."

"Ndakatenga kuti? Chimwalirire bambo a kunyumba, ine sindinayendepo ndi munthu!"

"Poti muli nako nonse awiri, ndikuganiza kuti munakayamwa kwa mayi anu."

"Kuyamwa? Ine wa imvi ine? Nanga zaka zonsezi kanali kuti?"

"M'magazi mwanu momwemo. Kamalowa m'maselo oyera n'kukhazikika mkati mwenimweni, moti palibe mankhwala okatulutsa. Zochita zake zimayendetsedwa ndi majini awiri."

"Majini! Ziwanda?"

Dokotala anamwetulira pang'ono. "Ayi, ndi timalangizo timene kachilomboko kamabadwa nato. Jini loyamba limakadzutsa kuti kachulukane, koma likamagwira ntchito asilikali a m'thupi amakaona n'kupha selo lonselo. Ndiye kamalizimitsa, n'kumangoliyatsa mwa apo ndi apo. Lachiwiri silipuma, koma ndi lakachetechete. Limachititsa selo kugawikana, ndipo selo latsopano limabadwa kachilombo kali kale mkati. Anthu ambiri amakalamba nako osadwala. Mwa ochepa, monga achimwene anu, selo limodzi limalusa n'kuyambitsa khansa."

Mayi Zipi anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada. Anakumbukira mwana wawo wamkazi, chitsirizira, amene iwo anamuyamwitsa mpaka atayamba kuyankhula, ndipo tsopano anali ndi khanda.

Anamupeza m'chipinda chake cha lendi atakhala pabedi, khanda lili kubere.

"Mchotse mwanayo!"

"Amayi, mwatani? Amalume atisiya?"

"Ndati mchotse kaye!"

Khanda linalira mpaka kubanika. Mayi Zipi anayesa kufotokoza, koma mawu a dokotala anasokonekera m'kamwa: majini, asilikali, agogo ako. Mtsikanayo anangowayang'ana, mkaka ukunyowetsa bulauzi.

"Ndiye mukuti ndakhala ndikumupatsa chiphe?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Tiye akakuyeze."

Ana onse atatu anayezedwa. Anyamata awiri analibe. Chitsirizira anali nako. Dokotala anamuuza kuti popeza khandalo linali lisanayamwe nthawi yaitali, mwayi unalipo, koma yankho lenileni lidikira mwana akule pang'ono. Anagwirizana zomusiyitsa bere. Khandalo linakana botolo masiku angapo, ndipo amayi oyandikana nawo anayamba kunong'onezana poona mwana wamng'ono chotero akumwa mkaka wa m'chitini. Mayi Zipi, amene sankagonja pa mkangano, ulendo uno anangowadutsa.

Achimwene aja anamwalira asanamve kumene matenda awo anachokera. Mayi Zipi anayesa kukwiyira malemu mayi awo, koma mkwiyo sunagwire. Anawakumbukira akuyamwitsa ataimirira, dzanja lina likutakasa mphika, osadziwa kanthu.

Anabwerera kuntchito ali bwinobwino, ngakhale kuti kachotupa kalikonse kankawathamangitsira kuchipatala. Nthawi zina ankaima pakati pa msoko n'kumayang'ana mitsempha ya pamkono pawo ngati ya munthu wina.

Mdzukulu atayamba kuthamanga, anapita naye kukayezetsa. Dokotala yemwe uja anatuluka yekha kudzawauza pabenchi kuti mwanayo alibe kachilomboko. Mayi Zipi anatsetsereka n'kukhala pansi pasimenti, nalira mokweza moti namwino wina anabwera akuthamanga, kufunsa kuti wamwalira ndani.