Nyimbo ya Mazana Awiri ndi Zinazake

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali, omwe ankagulitsa tomato pafupi ndi kasitolo kosindikiza mabuku pa boma la Ntchisi. Munali kompyuta imodzi, makina osindikizira, chodulira mapepala, ndi eni ake, a Gwaza, munthu wodzimva ngati anachilenga yekha Chichewa.

Lamulo lawo linali limodzi: nambala iliyonse ilembedwe m'mawu. "Pano si pa sukulu ya masamu," ankatero. "Ndipo palibe kupatula."

Tsiku lina kalabu ya alimi a ku Bowe inabweretsa kapepala kofotokoza kabzalidwe ka chimanga. Ndinalemba kuti mizere italikirane masentimita 75. A Gwaza anang'amba pepalalo pamaso pa makasitomala, nkunditchula mbuli. Ndinalembanso: makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu. Alimi atabwerera kudzadandaula kuti anthu kumudzi akusokonezeka, bwana anandiloza ndi chala. "Ndi kamtsikanaka, sikamva."

Mumtima ndinalumbira kuti ndidzabwezera. Ndinadana nawo bambo aja.

Mwayi unadza pa ukwati wa mwana wawo. Anandiponyera pulogalamu ya m'tchalitchi kuti ndiitaipe, iwo ali kalikiliki kusaka mbuzi ndi matenti. Munali nyimbo zambiri ndi mavesi. Ndinatsata lamulo lawo mpaka kumapeto, osasiya nambala ndi imodzi yomwe. Ndinawapatsa kuti aone. Anangogwedeza mutu foni ili kukhutu.

Loweruka ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Mkulu wa mpingo anakweza pepala: "Tiimbe nyimbo ya mazana awiri, makumi asanu ndi anayi, mphambu... mphambu..." Anavula magalasi. Azimayi ankawerenga zala, abambo akutembenuza masamba a mabuku a nyimbo uku ndi uku. Kwaya inayamba nyimbo ina, mbali ya akuchimuna ina, ndipo gogo wina anayambitsa ya maliro ndi mawu okweza. Mkwatibwi anabisa nkhope m'maluwa. A Gwaza thukuta linali kamukamu.

Lolemba sanandilole nkukhala pansi komwe.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa asebele anga!"

"Ndimatsata lamulo lanu, bwana."

Anandichotsa pomwepo, ndipo mpaka lero sindinadandaulepo. Tsopano ndimakonza zolemba ku Dowa: kuyambira chimodzi mpaka zisanu m'mawu, zotsalazo m'manambala, kuti wowerenga asavutike. Ndinaphunzira kuti bwana wouma mutu sumukanira. Umangomumvera bwinobwino, tsiku limene alendo ake onse alipo.