Ndinamwa Mapilitsi a Mtima a Malemu

Inu owerenga, ine ndinamwa mankhwala a mtima amene dokotala analembera munthu wina, ndipo mpaka lero thupi langa silinabwerere mwakale.

Ndinali telala pamsika wa ku Kabwata, zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mafuta ophikira tinkachita kuimira pamzere. Mtima wanga unkagunda mosalongosoka, pena kuthamanga, pena kudumphiza. Kuchipatala anandipatsa timapilitsi toyera, kamodzi patsiku, nandiuza kuti ndizibwera azindipima. Timapilitsito tinandithandiza ndithu.

Kenaka mankhwalawo anasowa. Ndinapitako kangapo, kuima mpaka miyendo kutupa, yankho n'kukhala lomwelo lakuti ndibwerenso. Ndinatopa, n'kuleka kupita.

Amayi Tembo, amasiye a ku Chelstone amene tinkapemphera nawo, anamva za vuto langa. Anafika pashopu ndi kabotolo m'chikwama.

"Ba telala, aya anasiya amuna anga. Ni ya mtima yamene yaja. Nitaye chabe, imwe muvutika?"

Mapilitsiwo anali oyera, aang'ono, ngati anga omwe. Sindinafunse aliyense. Ndipo poti ndinali nditakhalitsa osamwa, ndinkameza awiriawiri kuti ndibwezere.

Chinayamba ndi nseru, chakudya n'kundikana. Kenaka maso. Nsalu yoyera ya diresi la ukwati ndinkaiona yachikasu, mpaka ndinakangana ndi mwini wake kuti wandibweretsera yakale. Mkazi wanga atandigwira pamkono anati mtima ukugunda mwa apo ndi apo. Ndinamuuza kuti n'kutopa chabe. Mawa lake ndinakomoka pamakina.

Kuchipatala anandibaya jakisoni wofulumizitsa mtima. Dokotala ataona kabotoloko anati mtundu ndi womwewo, koma mapilitsi a malemuwo anali amphamvu kuposa anga. Anatinso mankhwalawa amaunjikana m'thupi, ndipo muyeso wochiza ndi wakupha sizitalikirana.

Ndinatuluka wamoyo, koma kupalasa makina kunandikanika, ndinawagulitsa. Amayi Tembo anasamukira mpingo wina ndi manyazi, ngakhale sindinawadandaule. Anamwalira tisanalankhulanenso.

Abale anga, mankhwala a mtima sabwerekana. Akasowa, bwererani kwa dokotala ngakhale mzere utalike chotani, ndipo mukaphonya tsiku musaphatikize. Nseru ikayamba kapena mtima ukamachedwa, pitani tsiku lomwelo. Inunso amene mwasunga mabotolo a malemu, kawasiyeni kuchipatala, musapatse mnzanu. Amayi aja ankangondimvera chisoni basi.