Wodikira Pageti

Amake mapasa anakalambira m'chipinda cha nthunzi. Zaka makumi atatu ndi mphambu zinayi anazithera kuseri kwa chipatala, kuchapa ndi kusita nsalu zoyala pabedi, mpaka zikhatho zawo zinasalala ngati mwala wa mumtsinje. Anali munthu wosapupuluma. Nsalu akaipinda ankaisisita kaye asanaiike pamulu, ngati akuitsanzika.

Amuna awo anali dalaivala wa malole a maulendo ataliatali. Anzawo ankawatcha Achangu, chifukwa katundu wawo sankagona panjira. Kunyumba ankafikako ngati mvula ya m'chilimwe: lero yagwa, mawa kwayera mbee. Mapasa anakwawa, anamera mano, anayamba sukulu, bambo awo ali pamsewu. Mayiwo anazolowera kutseka okha chitseko ndi kuyankhana ndi wailesi.

Tsono onse awiri anapuma pantchito chaka chimodzi, ndipo m'nyumba munagwa bata lolemera. Achangu ankangokhala pakhonde kuyang'ana msewu. Mawu a tsiku lonse anali "Madzi atentha" ndi "Chabwino." Amake mapasa ankadzifunsa mumtima: kodi amene ndamudikira moyo wanga wonse ndi ameneyu, kapena uja anatsalira panjira? Ndipo masiku atitsalirawa tidzawatha chonchi, ngati anthu ongokumana pabasi?

Mwana wawo wamkazi, mmodzi wa mapasawo, anaziona zimenezi. Anawakonzera ulendo wa Loweruka ndi Lamlungu ku mzinda wina wakale wa nyumba zamiyala ndi tinjira topapatiza. Papepala analembapo malo asanu ndi awiri oti akaone: linga, nsanja ya wotchi, tchalitchi, mlatho, msika wakale, manda a akuluakulu, ndi nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana.

"Mukayende pang'onopang'ono, ababa," anatero powaperekeza. "Amayiwa si matumba a simenti."

"Iwe, mzinda umenewo ndaulowa kambirimbiri usanabadwe n'komwe."

Anafika Loweruka m'mawa, nasiya chikwama kunyumba ya alendo. Achangu anatenga pepala lija, kuliyang'ana mwachidwi, n'kusanjanso malowo kuti msewu umodzi asaudutse kawiri. Kenako anauyamba, iwo patsogolo, mayi pambuyo.

Pakhomo la linga anaima. "Tafika. Imani apo." Anawajambula ndi foni, kuchonga papepala. "Tiyeni."

Amake mapasa anali atangoika dzanja pakhoma. Miyala inali yofunda, yoperepeseka ndi manja a anthu amene anapita kalekale. "Abambo, tagwirani muone," anatero, koma potembenuka anaona msana wa amuna awo ukukhota pakona.

Pansanja Achangu anayerekeza wotchi yaikuluyo ndi yawo yapamkono. "Yatsalira mphindi zinayi," anatero, nachonga. Patchalitchi mayi anangosuzumira pakhomo, kumva fungo la matabwa akale, basi "Tiyeni." Paliponse ankathera pakhomo. Dzuwa lisanafike paliwombo, pepala linali litadzaza.

"Onse asanu ndi awiri!" Nkhope ya Achangu inawala ngati ya mwana wokhoza mayeso. "Ndiye mwanayu amati masiku awiri? Awiri a chiyani?"

Amake mapasa anafuna kuyankha, koma chimwemwe cha mkuluyo chinawatseka pakamwa.

Masana onse anawathera m'chipinda. Munali bedi, mipando iwiri, ndi zenera loyang'ana khoma la nyumba ina. Achangu anakhala m'mphepete mwa bedi, nsapato zili kuphazi. Mayi anatenga matawulo a eni nyumba, kuwatambasula, n'kuwapindanso bwinobwino. Kunja kunkamveka anthu akuseka, awiriawiri, kulowera kumlatho.

Lamlungu m'mawa mayi anavala mpango wawo wabwino. "Ine ndikubwerera kunyumba ya zinthu zamakedzana ija."

"Tinachongatu kale kumeneko."

"Munachonga ndinu."

Anapita okha. Anakwera masitepe a matabwa mpaka chipinda cham'mwamba, mmene munali mabokosi akale, nyali za mafuta ndi madiresi aukwati ofwifwa, ndiponso mabenchi awiri oyang'anizana pafupi ndi zenera. Anayenda modekha, kuwerenga timapepala tonse. Sanamve kusowa munthu pambali pawo, ndipo chimenecho ndicho chinawaopsa: kukhala okha kunali kutawakwana ngati nsapato yakale.

Atasuzumira pazenera anawaona Achangu. Anali ataima kunja kwa geti, pafupi ndi kanyumba ka mlonda, chipewa chili m'khwapa. Geti linali lotsegula, anthu akulowa ndi kutuluka, koma iwo anangoti chilili ngati munthu wodikira kuitanidwa. Kuchokera m'mwambamo ankaoneka ochepa thupi, dazi likunyezimira padzuwa.

Mayi anatsika. "Mwaima pano ngati mwabweretsa katundu bwanji? Simulowa?"

"Ife timathera pageti, mayi," anayankha chamanyazi. "Ukafika, umapereka mapepala n'kudikira. M'kati mumalowa eni ake."

"Zaka zonsezi? Mumzinda uno simunalowepo paliponse?"

"Mageti ake okha ndiwo ndimawadziwa. Onse."

Mayi anawagwira mkono wa malaya, kuwakokera m'kati ngati mwana wokana sukulu. Atafika m'chipinda cham'mwamba, Achangu anayang'ana uku ndi uku.

"Ndiye muno timatani?"

"Palibe. Timakhala."

Anakhala moyang'anizana, wina benchi ili, wina ilo. Mayi anadikira. Achangu anayang'ana chipewa chawo, kuchitembenuza, kuchotsa kaulusi. Alendo ena analowa, kuzungulira, n'kutuluka. Ndiye basi, anaganiza amake mapasa, uja anatsaliradi panjira. Dzuwa linayamba kuwathobwa m'maso pamene anakhalapo, choncho ananyamuka n'kukakhala pambali pa amuna awo, onse awiri kuyang'ana kutsogolo, kumadenga a mzinda.

Patapita kanthawi Achangu anatsokomola.

"M'lole muja ndinkakuuzanitu zonse," anatero, maso ali kutsogolo.

"Ine?"

"Inu. Pampando wapambali. Ndikaona chinthu, ndinkati, amake mapasa, taonani icho. Tinkacheza mpaka kukangana. Mwina munkandiposa." Anaseka pang'ono. "Ndiye pofika kunyumba nkhani zimakhala zatha. Ndinkangoona ngati munamva kale."

"Sindinamve ngakhale imodzi."

Mkuluyo anaika manja pamaondo.

"Nanga ndiyambire pati?"

"Paliponse."

Anayamba mozengereza, mawu akukakamira ngati injini yozizira. Ananena za phiri lina la msewu wokhotakhota, kumene mabuleki anatentha ali ndi katundu wodzaza, ndi mmene anatsikira mtunda wonsewo akuitana dzina la mkazi wawo, lija la pautsikana, mpaka lole inakaima yokha mumchenga. Zinachitika zaka makumi awiri zapitazo. Amake mapasa anawerengera mumtima napeza kuti chinali chaka chija chimphepo chinasasula denga, iwo n'kulikhomanso okha ali ndi mkwiyo wosauza munthu.

Anafunitsitsa kuwayang'ana kumaso, koma sanayerekeze, poopa kuti akatembenuka mawu aduka. Anangoti phee, maso kumadenga, kumvetsera.