Tsiku Limene Tinasudzula Ababa

Ababa anabwera m'mudzi mwathu muno ngati mkamwini, atanyamula mphasa ndi khasu basi. Kwawo kunali kumapiri a ku Dambe, ulendo wapansi wa tsiku lathunthu. Agogo anawaloza kamunda ka miyala kutsetse, kumene ngakhale nandolo ankakana, kuti awone ngati munthuyo ali ndi msana. Izi ndinamva kwa amayi. Zotsalazi ndinaziwona ndekha.

Masiku amenewo ankati mkamwini sabzala mtengo. Amabzala chimanga, maungu, zokolola chaka chomwecho, poti sadziwa tsiku lonyamuka. Ababa anabzala manachesi. Amuna anzawo ankawaseka akamadutsa: "Achimwene, mitengoyo mudzaisenza pamutu popita kwanu?" Iwo ankangoti, "Odzadya ndi ana anga," n'kumatsika ndi ndowa kudambo.

Luso lawo linali kumezanitsa. Ankafesa nthanga za mandimu, ndipo mbande ikakula ngati chala ankaicheka ndi kampeni, n'kulowetsamo kanthambi ka nachesi wotsekemera, n'kumanga ndi kapulasitiki. Anangowonera kwa munthu wina ku Mwanza ali paganyu, ndipo anapha mbande zambirimbiri dzanja lisanazolowere. Mitengo itayamba kubala ankasenza dengu pamutu kupita kumsika. Kenaka anagula njinga. Pamene anthu othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza ku Luwani, ababa ankapita kumeneko kawiri pa sabata, ndipo mmenemo ndi mmene munatuluka ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Omwe ankawaseka aja anayamba kubwera m'mawa, zipewa zili m'manja, kudzagula mbande. Ena ankachokera ku Ligowe. Nyumba yoyamba ya malata mbali yathu ino inali yathu, njerwa zake anaumba okha.

Koma ine sindiwakumbukira chifukwa cha malata. Ndinadwala chikuku ndili kamtsikana, nthawi ya dzinja, mitsinje itadzaza. Anandibereka kumbuyo ndi chitenje cha amayi, mwamuna wamkulu, akazi akuseka m'minda, mpaka kuchipatala cha mishoni. Akabwera kumsika sankakhala pansi asanatiwerenge tonse ndi maso. Alongo anga awiri anawaphunzitsa mpaka anakagwira ntchito kutauni. Ine woyamba kubadwa ndinatsala pakhomo, n'kukwatiwa pomwepo, nyumba yanga kuseri kwa yawo.

Amayi anamwalira ine ndili kale ndi ana anayi. Patatha miyezi, linafika tsiku losudzula. Kwathu kuno mkazi akamwalira, abale ake amaitana abale a mwamuna, n'kumumasula wamasiyeyo kuti abwerere kwawo, akakwatire ngati afuna. Koma ana akalimba n'kunena kuti bambo athu sachoka, sachoka. Zimenezi ndinkazidziwa bwino.

Dzulo lake atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anandipeza ndikupalira kumunda. Anakhala pachulu n'kuyamba mofatsa.

"Mwanawe, bambo akowa akadali ndi mphamvu. Ukawasunga, chaka chamawa udzawona mkazi wina akusesa m'nyumba ya mayi ako. Ana ake adzakwera m'mitengo ili panthaka yathu, ako akuyang'ana. Ukufuna zimenezo?"

"Ababa sangatero, atsibweni."

"Sangatero eti? Mwamuna umam'dziwa iwe? Mawa akakufunsa, usadziyese wamkulu."

M'mawa tinasonkhana pakhonde. Alongo anga sanabwere, anati kuntchito sanawalole. Atsibweni anayankhula mokoma kwambiri. "Alamu, mlongo wathu mwamusunga mpaka kumuika m'manda. Tilibe nanu mlandu ngakhale umodzi. Lero takumasulani." Anthu anawomba m'manja mwaulemu. Pamenepo azakhali, mlongo wawo wa ababa amene anachokera ku Dambe, anafunsa:

"Tamva. Nanga mwana akuti bwanji? Bambo ake atsale, kapena tinyamuke nawo?"

Maso onse anagwera pa ine. Ababa okha sanandiyang'ane, ankangolemba pansi ndi kamtengo, kuti ndisachite manyazi. Ndinawona m'maganizo mkazi wosam'dziwa akupukuta mbale za amayi. Ndinati:

"Ife ndife ana. Zonena n'za akuluakulu."

Mawu ake ndi omwewo, sindinawonjezere kapena kuchotsa. Mayi wa ana anayi, kudzitcha mwana.

Ananyamuka m'mawa mwake. Ngolo ndi ng'ombe atsibweni anati zinabadwa kunthaka yathu, zitsale. Ababa sanatsutse. Anamanga bulangete ndi zovala panjinga, kenaka anandiitana kumitengo. Ndinkayesa andikalipira. Anandiwonetsa tsinde la mtengo umodzi.

"Mayi, ukuwona timphukira totuluka m'munsi mwa bala ili? Amenewa ndi mandimu akufuna kubwerera. Uzidula ukangowawona. Ukawalekerera amapha nachesi."

Anakankha njinga, osakwera, mpaka anabisika kuseri kwa phiri.

Kudulako sindinadule, chifukwa mitengo sinakhalenso yanga. Atsibweni anaigawa kwa mbumba yonse, aliyense mizere yake, ine n'kundisiyira isanu ya kumiyala. Anthu ankagulitsa mtengo wathunthu kwa mavenda zipatso zikadali zobiriwira, mavendawo n'kumagwetsa ndi nsungwi, nthambi kuthyokathyoka. Mphukira palibe anazilabadira. Patapita zaka zochepa munda wonse unasanduka minga ndi mandimu owawa, oti ngakhale ana sankawaba. Kenaka wina anati bola makala, mitengo n'kudulidwa. Ng'ombe zinadyedwa pamaliro ndi paukwati. Mkazi amene ndinkamuwopa uja sanabwere, amene anadya thukuta la ababa ndi ife eni magazi.

Dzinja lachiwiri chichokereni ababa litatha, ndinakwera ku Dambe. Munthu amene wakhala zaka makumi anayi kuchikamwini, kwawo amakhala mlendo. Minda inali itagawidwa kalekale. Ndinawapeza akugona m'kakhitchini ka azakhali, utsi utadetsa bulangete lawo, ataonda mpaka kolala ya malaya kulendewera. Sanakwatire. Anandifunsa za ana anga mmodzimmodzi, amene wayamba sukulu, amene ankadwala khutu uja. Ndinagwada.

"Ababa, tiyeni kwathu."

"Kwathu kuti, mayi?"

"Kunyumba kwanu. Ndidzayankhula ndi atsibweni."

Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. "Poyankhula panali paja, pamaso pa anthu. Ndikabwerera lero ndikhala wopempha pogona m'nyumba yomwe ndinaumba njerwa zake. Asiye, mwana wanga. Unachita mantha, si mlandu."

Akanandituka bwenzi ndikugona tulo. Anandiperekeza mpaka pamtsinje, akupumira m'njira kawiri konse.

Uthenga wa imfa yawo unabwera pafoni ya mphunzitsi wa pasukulu yathu. Pofika nthawiyo anthu anali atayamba kunong'ona kumpingo ndi kuchigayo kuti mudzi wathu unataya munthu ngati chikho chosweka. Atsibweni manyazi anawagwira. Anapeza galimoto, n'kunena kuti tikatenge thupi lidzagone pafupi ndi amayi, monga munthu amene anatukula mudzi.

Azakhali anatilandira atakhala pamphasa pakhomo pa kakhitchini kaja. Anamvetsera mpaka atsibweni anamaliza.

"Mwatha? Munatibwezera munthu wamoyo ngati khasu lobwereka loti latha ntchito. Amene ankamuphikira phala ndine. Amene ankamutembenuza ndine. Lero mwabwera ndi galimoto? Ali moyo galimotoyo inalibe mafuta?"

Atsibweni anayang'ana pansi. Ine ndinaimirira, chinthu chimene mkazi sachita pamaliro, n'kukuwa kuti aliyense amve: "Ndi bambo anga! Ndikuti apite kwathu!"

Azakhali anandiyang'ana, maso ofanana ndi a ababa.

"Liwu unali nalo, eti? Khala pansi, mwana wa mlongo wanga. Lachedwa."

Tinawaika komweko, pamtunda wa dothi lofiira, pakati pa anthu amene ambiri sankadziwa n'komwe ntchito ya manja awo. Galimoto inabwerera yopanda thupi, ife titakhala kumbuyo.

Atsibweni anamwalira kale, ndipo anagona pafupi ndi amayi, pamalo pomwe panali poyenera ababa. Ine mawondo anandikana, phiri la ku Dambe sindingalikwerenso. Amene anapitako chaka chatha anandiuza kuti mtumbira wa ababa unafafanizika, ndipo sakudziwa kuti ndi uti.