Ndinanamizira Printa

Ntchito yanga pa kaofesi kathu ka ku Area 25 ndi kuyang'anira intaneti. Pa kompyuta yanga ndimaona mmene foni kapena laputopu iliyonse ikudyera data, kumene ikupita ndiponso kuchuluka kwa zomwe ikumeza. Palibe angandibisalire.

Mwezi watha intaneti inayamba kukwawa masana aliwonse. Abwana athu, Mayi Nachisale, anatisonkhanitsa tonse atakwinya nkhope.

"Achimwene, inu mumaona zonse. Akutimalizira intaneti ndani? Mutchuleni pompano, achite manyazi."

Wolakwayo ndinkamudziwa bwino. Pa tchati changa, mzere wautali kuposa yonse unali wa laputopu ya Mayi Nachisale omwewo, amene akangodya nkhomaliro amatseka chitseko n'kuyamba mafilimu a ku Nigeria.

Ndinayang'ana anzanga, ndinayang'ana abwana. Kenako maso anga anagwera pakona pamene panali printa yathu yakale.

"Ndi printa, Amayi."

"Printa?"

"Eya. Ikakalamba imatero."

Ine, munthu wa satifiketi yanga, ndinanena zimenezo osaphethira n'komwe. Tsiku lomwelo printa yosalakwa inazulidwa n'kukatsekeredwa kosungira katundu, ndipo woinyamula ndinali ine ndemwe. Mpaka lero anzanga amayenda padzuwa kukapulintitsa kumsika, akuitukwana njira yonse.

Mwakachetechete ndinachepetsa liwiro la intaneti pa laputopu ya abwana, zinthu n'kuyambanso kuyenda. Onse anandiyamikira, ine osakana.

Dzulo Mayi Nachisale anandiitana n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, takaonani ngati wina waibwezeretsa printa ija. Filimu yanga ikungodukaduka."