Mlongoti Woloza ku Paki

Likhweru linamveka pansi pa khonde anthu atagona kale. Dayamí anadzambatuka pampando pomwe tulo tinamuba. Likhwerulo ankalidziwa bwino. Ndi mmene Wilber ankaitanira mnzake Reinier, mwamuna wa Dayamí, masiku amene Reinier anali pakhomo. Munthu woitana choncho usiku, woitanidwayo kulibe, amakhala wabwera ndi chiyani ngati si uthenga wa maliro? Anasuzumira kaye Yoel, mwana wake wa zaka ziwiri, n'kuona kuti akupuma, ngakhale mokoka. Kenaka anamangirira kiyi kuchingwe n'kumutsitsira Wilber, poti belu la nyumba yosanjayi linafa kalekale.

Dayamí anakulira ku Matanzas. Sukulu anailekeza ku sekondale mayi ake atadwala, ndipo atawaika m'manda anabwera kuno ku Havana, kudera la Cerro, kudzagwira ntchito yopenta zikhadabo. Tsiku loyamba kumuona Reinier, mnyamatayo anali akulendewera pazenera, waya ali kukamwa, akupempha njira yodutsitsira wayayo pakhonde. Anali mmodzi wa anyamata amene analuka netiweki ya m'misewu, denga ndi denga, mpaka makompyuta a m'madera ambiri a mzinda uno anayamba kuyankhulana okhaokha. M'menemo anthu ankasewera, kuonera mafilimu, kucheza, ndi kufunsana mankhwala. Kunja kwa chilumba sinkatuluka. Malamulo ake aliyense ankawadziwa ngati pemphero: ndale ayi, zolaula ayi, malonda ayi, ndipo intaneti ya kunja isalowemo. Akuluakulu a boma ankayang'ana kumbali malinga ngati malamulowo akusungidwa.

Atakwatirana, suwichi ya nyumba yonse inadzakhala pamwamba pa filiji yawo. Linali kabokosi kotuwa ka mabowo mumzere. Waya mmodzi ankachokera kumlongoti wa padenga, ena ankapita kumakomo a aneba.

"Aka ntchito yake n'kugawa basi," Reinier anamuphunzitsa tsiku lina akudya mpunga ndi nyemba. "Mabowo onsewa n'chimodzimodzi, palibe lalikulu. Kompyuta iliyonse ili ndi nambala yake, ngati khomo. Yopereka manambalawo ndi imodzi yokha, seva ya kwa Wilber. Atambala awiri salira m'khola limodzi."

"Ndiye tambala wa m'nyumba muno ndi ndani, iwe kapena bokosi lakoli?"

"Bokosi, amayi. Ine ndine wantchito wake."

Dayamí sanamvetse zonse, koma maso anali nawo. Anaphunzira timagetsi ta bokosilo kuposa Reinier mwini. Ka kumapeto kanali ka mayi Caridad a pansi pawo, amene ankamulerera Yoel masana. Kakaphethira m'bandakucha, ankadziwa kuti mutu wawayambanso ndipo akufunsa mapiritsi. Kakazima kena, ankadziwa kuti khoswe wadya waya kapena mwamuna wa pakhomopo waledzera n'kupunthwa nawo.

Kenaka Reinier anapita, monga mmene anapitira ambiri chaka chimenecho. Anakwera ndege ya ku Guyana, kuchoka kumeneko mabasi ndi miyendo, kulowera kumpoto. Poyamba mauthenga ankabwera, ndipo Dayamí ankakawawerengera kupaki, komwe kuli intaneti ya kunja. Womaliza unati mawa lake akulowa m'nkhalango ya kumalire a Panama, ndipo akatulukira adzabwereka foni n'kuimba. Mwezi unatha, wina unayamba.

Chimene chinkamudya n'chakuti munthu wobwereka foni sasankha nthawi. Akhoza kuimba kamodzi, n'kusamupeza, mwini foni n'kupitirira ulendo. Choncho madzulo aliwonse ankanyamula Yoel n'kukakhala pabenchi ya kupaki mpaka mame, pakati pa anthu okuwira m'mafoni, ena akuseka, ena akulira. Mame ndi utsi wa mabasi zinamudzutsira mwanayo mphumu, anakagona naye kuchipatala, ndipo adokotala anamuuza mosabisa kuti akamutulutsanso usiku adzamunyamula ali chete.

M'kabati munali mlongoti wina umene Reinier anasiya. "Uwu ndinaukonza kale, ndi wa kupaki," ananena potsanzika. "Ukadzaufuna uitane Wilber." Dayamí sanamuitane, poti yankho lake ankalidziwa. Masana a tsiku la likhweru lija anakwera yekha padenga, anaumangirira kumtengo wa tsache, nauloza kumitengo ya kupaki. Waya anautsitsira pazenera. Kompyuta yake inali ndi bowo limodzi, ndipo munali kale waya wochokera kusuwichi. Koma pasuwichipo panali bowo lopanda kanthu. Mabowo onse n'chimodzimodzi. Analowetsa.

Zinatheka. Analemba nambala ya khadi lake lolowera pa intaneti ya kupaki, intaneti inatseguka m'nyumba mwake momwe, Yoel akusewera pansi. Analembera Reinier kuti, "Tili moyo, iwe uli kuti?" Pambali pa uthengawo panaoneka kachizindikiro kamodzi, kosonyeza kuti wapita. Kachiwiri, kosonyeza kuti wafika, sikanabwere. Ankalowa kanthawi, n'kutuluka, n'kulowanso, mpaka tulo tinamupeza pampando.

Atatsegula ndi kiyi uja, Wilber analowa ali wefuwefu, malaya atang'ambika paphewa.

"Mlamu, watipha."

"Reinier?" Dayamí anafunsa, akugwirira chitseko.

"Ayi, ayi! Si za Reinier, sindinamve kanthu. Khala pansi, iwe, usandigwere pano."

Anapita molunjika kufiliji, anayendetsa chala pamawaya mmodzimmodzi, n'kuima pa watsopano uja. Anauzula n'kuukweza m'mwamba ngati mchira wa khoswe.

"Mlendo uyu ndi wa ndani?"

"Ndi wanga. Sindinakhudze wa munthu."

"Sunakhudze wa munthu! Kuyambira masana theka la Cerro likunditukwanira mayi anga. Mlongoti wakowu wadzilonga ufumu, ukugawa manambala akeake. Kompyuta ikayaka n'kufunsa nambala, uwu ukuyankha seva yanga isanatsegule pakamwa. Anthu akufuna kulowa m'masewera, akupezeka ali pakhomo la intaneti ya kupaki. Ndayenda suwichi ndi suwichi kusaka komwe zikuchokera, ndakwera madenga ngati mphaka wosowa mkazi, galu wa wophika buledi wandilawa. Ndipeze kuti ndi kwa Reinier!"

"Iye anati mabowo onse n'chimodzimodzi."

"Mabowo, inde. Koma si chilichonse cholowa m'bowo n'chimodzimodzi, mlamu."

Yoel anatsokomola m'chipinda, onse awiri anatchera khutu mpaka anasiya. Wilber atayambanso kuyankhula, anali atatsitsa mawu. Anati iye ndi anzake oyang'anira netiweki agwirizana kale: nyumba yonseyi aidula, ndipo sadzailumikizanso mpaka mlongoti woloza kupaki utatsika padenga.

"Ndiulumikiza kukompyuta yanga yokha," anatero Dayamí. "Osadutsa pabokosi. Sizingatheke?"

"Zingatheke. Koma vuto silili m'waya mokha. Woyendera wa boma akadutsa mumsewu n'kuona mlongoti ukuyang'ana kupaki, akwera. Akakwera atsata mawaya, ndipo mawayawo akathera kwa ine, kwa anzanga, kwa aliyense. Atenga zonse. Zaka zonse zija."

"Ndiubise kuseri kwa thanki ya madzi."

"Kuseri kwa thanki sugwira kanthu. Uyenera kuona paki maso ndi maso."

"Ndiwe unamuperekeza kubwalo la ndege, Wilber. Ndiwe unamunyamulira chikwama, ukumuuza kuti usade nkhawa, banja lako ndiliona."

Wilber anayang'ana pansi. "Ndizikupitira kupaki ineyo. Undipatse dzina lako lolowera."

"Akaimba ayankhule ndi iwe? Amve mawu ako, foni ya eni ili m'manja, n'kumalizira pomwepo?"

Wilber anatembenuka. Anaika kiyi patebulo n'kutsika.

Kutacha, timagetsi ta bokosi tinkayakabe, koma ka waya wa kumlongoti wakale kanangoti duu osaphethira. Pamasitepe mwamuna wina ankakuwa kuti nyumba yonse imve: "Ena amuna awo ali ku America, ife tizidya chiyani, mphepo? Mfumukazi ya padenga yatithimitsira!" Dayamí anatseka zenera la kumasitepe kuti Yoel asadzuke.

Mayi Caridad anakwera okha, chinthu chimene sankachita, akugwira khoma, nsalu itamangidwa pamutu.

"Mwana wanga, wachita chiyani? Munthu wa kudera la Vedado anandilonjeza dzulo mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, anati andiuza lero pokumana. Ndayatsa, zii. Dzina lake lenileni sindilidziwa, m'menemo amadzitcha Mkango."

"Pepani, mayi. Sindinadziwe."

"Tsopano wadziwa. Katsitse chinthucho."

"Reinier akaimba..."

"Mwamuna wanga anapita pachiphaka cha matayala chaka chija anthu ankadziponya m'nyanja pothawira kunja. Ndinamudikira pakhonde mpaka khondelo linatopa nane. Sanaimbe, ndipo mlongoti ndinalibe woti ndiuimbe mlandu. Woimba amaimbanso, mwana wanga. Wosaimba..." Anasiyira pomwepo, n'kuyang'ana kuchipinda komwe kunagona Yoel. "Ine mutu ukandigwira chonchi, mwana sindingamulere. Sindikukuopseza. Ndikungokuuza mmene thupi lilili."

Atatsika, Dayamí anakhala kutsogolo kwa filiji nthawi yaitali. Anaganiza za mapiritsi a mayi Caridad, omwe sanamulakwire kanthu chifikireni m'nyumbayi. Anaganiza za makomo onse amene tsopano adzatsekeka iye akamadutsa, komanso za usiku umene Yoel adzabanike, iye n'kugogoda, anthu n'kunamizira tulo. Kenaka anaganiza za Reinier atatuluka m'nkhalango, mapazi atatupa, akupempha foni kwa munthu wosamudziwa, foniyo n'kulira kuno popanda woyankha. Mwina anali atafa kale m'matope, ndipo iye akuzunza amoyo chifukwa cha mtembo. Zimenezo sakanazidziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti akatsitsa mlongotiwo, ndiye kuti wavomera, ndipo pakamwa pake panali pasanakonzeke kuuza Yoel mawu amenewo.

Anazula mawaya onse pasuwichi, mmodzimmodzi, nakulunga bokosilo m'thaulo kuti Wilber akalipereke kwa amene nyumbayi ingamukhulupirire. Ankadziwa kuti zimenezo sizibweza netiweki, ndipo sanadzinamize. Waya wa kupaki anaulowetsa m'kompyuta yake. Kachizindikiro kanali kamodzi komwe kaja.

Anatsimikiza mumtima kuti mlongotiwo sautsitsa. Akaufuna akwere okha adzauthyole iye akuona. Mapiritsi a mayi Caridad akawasaka ndi miyendo yake, khomo ndi khomo mpaka ku Vedado, Yoel ali m'manja, ndipo ayamba lero lomwe dzuwa lisanatenthe.