Mgolo wa Kuseri kwa Chipatala

Nkhondo itakula, palafini anasiya kufika ku Furancungo, ndipo kotola nkhuni kunali mabomba okwirira. Amuna anga, omwe anali enfermeiro, namwino wa pachipatala, anasowa moto wowiritsira singano za jakisoni. Anapeza mgolo, nathiramo ndowe za ng'ombe, makoko a mbatatesi ndi mapesi oduladula, n'kuutseka.

"Zikawola zitulutsa mpweya woyaka," anatero.

Wosenza zinyalalazo ndinali ine, mwana ali kumsana. Khosi linkawawa, zovala zikununkha, mpaka ndinaleka kuwafunsa kuti ziyaka liti. Tsiku lina kamoto kobiriwira kanayakadi kukamwa kwa paipi, madzi n'kuwira. Iwo anaomba m'manja. Ine ndinangokhala pansi, poti mgolowo unkafunanso chakudya mawa lake.